Khadi Lopindika la a Magalasi

A Magalasi, owotcherera zitsulo, anakhala pampando wapulasitiki msana ukuwawa, maso akuthwethwa ndi moto wa sabata yonse. Zaka khumi ndi chimodzi akhala akukwera masitepe a chipinda chimenechi, pamwamba pa sitolo ya utoto, kudzapikisana pa masewera a makhadi a zilombo ndi matsenga, aja munthu amatolera yekha makhadi n'kumanga mulu wake. Ndime yomaliza anali asanaipondepo. Lero kunatsala kugonjetsa munthu mmodzi kuti afikeko, ndipo kunyumba anali atanena kale kuti zikakanikanso, makhadi onse alowa m'katoni.

Iwo sankasewera ngati achinyamata, othamangira kumenya ngati akuthamangitsidwa. Ankatchinga, n'kutchinganso, mpaka mnzawo atope. Chinsinsi chawo chinali khadi limodzi lotchedwa Mlonda. Chilombo chikalumpha, Mlonda amachiimitsa. Matsenga akaponyedwa, amawazimitsa. Pakakhala bata, umamutaya n'kutola khadi lina, ndiye sakhala m'manja pachabe. Makhadi ena amadikira mdani mmodzi amene mwina sabwera n'komwe, koma uyu aliyense ndi wake. Popeza anali nalo limodzi lokha, ankalisamutsa mulu uwu ndi uwo, ndipo pakati pa sabata linkagona m'thumba la malaya kuntchito, pafupi ndi moto.

Wopikisana nawo anali mphunzitsi wamkazi, wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Atapatsidwa mulu wa a Magalasi kuti augawe pakati masewera asanayambe, anauyang'ana cham'mbali, n'kukweza dzanja kuitana woweruza.

Tsoka lake, woweruza anali mlamu wawo wa a Magalasi, amene anakwatira mlongo wawo. Anabwera akukoka nsapato, nayenso atatopa ndi milandu ya tsiku lonse.

"Pepani bambo, sindikuti mukubera," anatero mphunzitsiyo. "Koma muli khadi lopindika m'katimu. Likuoneka."

"Alamu, auzeni mayiwa," anatero a Magalasi, akuyesa kuseka. "Ine kuba? Ndikanakhala wakuba bwenzi mchemwali wanga ndinakupatsani ulere?"

Mlamuyo sanaseke. Anatenga muluwo, nauika pathebulo chafufumimba, n'kuwerama. Pakati pake panali kampata kakang'ono, koti n'kulowetsamo chikhadabo. Atasolola khadi la pamenepo, linali Mlonda, litakhota ngati chivindikiro chakale.

"Ndi kutentha kwa kuntchito kumeneko," anatero a Magalasi. "Sindinachite dala."

"Ndikudziwa, alamu. Ndikadati mwachita dala bwenzi mukutsika kale masitepe. Lamulo likuti ngati simunkalizindikira, ndikuchenjezani, tisinthe khadi, masewera apitirire. Ndiye mundithandize, kuti anthuwa asanene kuti ndakondera pachibale."

Anasakaniza muluwo kawiri, katatu, n'kuyala makhadi onse chafufumimba, mzere umodzi wautali. Onse anali m'timatumba tofanana takuda. Anthu anasiya masewera awo n'kudzaunjikana.

"Tangoyang'anani. Ngati simukuliona, nenani kuti simukuliona. Ine ndikhulupirira mawu anu."

Njira inali yotseguka, mlamuyo anachita kuwatsegulira yekha. Kunali kungopukusa mutu basi. A Magalasi anayang'ana mzerewo, ndipo maso awo, otopa omwewo, anapita okha pa khadi lachisanu ndi chiwiri kuchokera kumanzere. Sanalifune. Linangowaitana ngati mwana wako pakati pa ana a sukulu ovala yunifolomu.

Anakumbukira nthawi zonse zimene ankalimba mtima kulola chilombo chiwamenye, mumtima muli phee, akudziwa kuti Mlonda ali pafupi kubwera. Ankati ndi luso la zaka zambiri. Achinyamata akawafunsa, ankawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, achinyamatawo n'kumagwedeza mitu mwaulemu. Chonsecho ankangoliona khadilo pamulu. Kuyambira liti? Chaka chatha? Zaka zinayi? Anachita manyazi, manyazi enieni, oposa ogwidwa ukuba, chifukwa wakuba amadziwa chimene wachita.

"Alamu?" anafunsa woweruza chapansipansi.

A Magalasi anatambasula chala chawo chakuda ndi zipsera, n'kuchiika pa khadi lija. Mlamuyo anazengereza kulitembenuza, koma anatembenuza ndithu. Linali Mlonda. Wina kumbuyo anapuma mokweza.

"Mwapambana, mayi," anatero a Magalasi.

"Tikhoza kusewerabe, bambo. Wina akubwerekani lina."

"Iyayi. Anthu anayi ndawatulutsa lero ndi khadi limeneli. Awiri akhala apo." Anatembenukira kwa mlamu wawo. "Lembani chimene mukuyenera kulemba. Koma kwa mchemwali wanga ndikanena ndekha."

Anasonkhanitsa makhadiwo pang'onopang'ono. Kenako anadzuka, napita kwa awiri aja amene anali pafupi ndi zenera, n'kuima patsogolo pawo, akusowa poyambira kuwapepesa.