Chisoso cha M'nyumba ya Magalasi

Kakhasu sankatha kudutsa udzu osauzula. Ngakhale ali pakati pocheza ndi munthu, dzanja linkatsika lokha n'kubwera ndi kachitsamba, mizu ili lende. Anatengera bambo ake, omwe anakalamba akusamalira maluwa m'nyumba za anthu, ndipo dzinali anamupatsa ndi iwowo.

Kudziko lakutali kumene ankaphunzira unamwino kunalibe chozula, paliponse simenti. Mayeso atayandikira, mutu utatentha, masana ena anatseka mabuku n'kukwera basi kupita kumunda waukulu woonetsera zomera.

Panja pankazizira, choncho analowa m'nyumba ya magalasi momwe amasungiramo zomera za kumaiko otentha. Munali fungo la dothi lonyowa. Anadutsa nthochi, anadutsa mapapaya, kenako patsinde pa mgwalangwa anaona chisoso chonenepa, chitachita maluwa. Dzanja silinafunse. Anachizula n'kukutumulira dothi pansapato.

"Mayi inu! Mwatani?" anakuwa mayi wosamalira mundawo, ndowa ili m'manja.

"Ndakuthandizani. Ndi udzu uwu."

"Udzu? Chikwangwanicho simukuchiona? Mbewu yake tinachita kuitanitsa kutali, inakana kangapo isanamere!"

Kachikwangwani kanalipodi, dzina lake lalitali ngati la mankhwala.

"Pepani, amayi. Kwathu chimamera ndi padenga pomwe."

"Ndiye mukatitumizire denga limodzi. Gwadani apa, tibzale."

Anabzala limodzi, mayiyo akung'ung'udza uku akubisa chiseko.

Atatuluka, Kakhasu anakhala pabenchi n'kuimba foni yoonana nkhope. Nkhani ngati iyi inali ya bambo ake basi. Anayankha ndi amayi, atakhala pakhonde.

"Ndipatseni ababa ndiwaseketse. Kuno chisoso chili ndi wantchito wake."

"Agona, mwanangu. Koma akupezako bwino."

Yankho linali lomwelo nthawi zonse chidwalireni bambowo. Amayi anasuntha pampando, foni n'kupendekeka. Kumbuyo kwawo kunaoneka bedi la maluwa la pansi pa zenera. Chisoso chinali chitafika m'mawondo, maluwa osaonekanso.

"Amayi, ababa anatuluka liti panja?"

Amayi anacheuka, n'kuona chimene mwana waona.

"Iwe ndi maso akowo."

"Amayi."

"Sakudzuka. Timachita kuwanyamula ine ndi mlongo wako. Anatilumbiritsa kuti tisakuuze mpaka ulembe mayeso. Akuti sanakutumize kumeneko kuti uzikangokwera ndege."

"Akudya?"

"Timasupuni tingapo, tikawanyengerera."

"Kumsana mukumawaona? Zilonda sizinayambe?"

Amayi anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Chayamba chimodzi. Sitikudziwa chochita nacho."

"Ine ndikudziwa. Mayeso ndidzalemba chaka chamawa."

"Akakukalipira, Kakhasu."

"Akalipe. Ndikufuna ndiwamve akukalipa."

Dzuwa linali lisanalowe pamene anafika kuchipinda kwake. Anakoka chikwama pansi pa bedi n'kuchipukuta fumbi. Anayamba ndi magolovesi, mabandeji ndi kamakina koyezera kuthamanga kwa magazi, kenako bulangeti lofewa limene ankafunda. Zovala zinalowa pomwe panatsala malo. Mabuku anawasanja patebulo, jasi n'kulisiya pamsomali. Zipi inakanira pakona, anagwadira chikwamacho mpaka inatseka, n'kuchiimika pakhomo.