Nyemba Imodzi M'mphika wa Jonasi

"Mphika umenewu ndi wa yani?" anafunsa a Malizani, akuuloza ndi ndodo ngati muli njoka.

"Wa malemu," anayankha Bennet. "Ndi womwe timasankhira zinthu ku bungwe."

Selina anakhala pamphasa kumbuyo kwa amayi anzake, m'mutu mukumuzizira poti anali atangometedwa kumene. Mwamuna wake Jonasi, mphunzitsi wa sukulu ya mishoni ku Manyamula, anali ataikidwa m'manda, ndipo abale anasonkhana pafupi ndi khola la ng'ombe kuti agamule za iye. Ng'ombe za lobola zinapita kalekale kwa makolo ake ku Euthini, kotero ana anali a mudzi uno. Njira zinali ziwiri: mlamu wake Wilson alowe chokolo, kapena iye akhale yekha m'nyumba ya Jonasi kulera anawo. Yachiwiriyo inali isanachitikepo, ndipo a Malizani, abambo aang'ono a malemu, sankafuna kuti iyambire pa iwo.

Bennet anali mphunzitsi mnzake wa Jonasi. Awiriwa ankayenda wapansi kupita ku Mzimba Boma, kumene aphunzitsi ndi makalaliki ankakumana kukangana za dziko la mawa: ngati msonkho udzathe, ngati mafumu azidzasankhidwa, ngati Azungu adzatope n'kubwerera kwawo. Palibe Mzungu anali atawafunsa maganizo, koma iwo mayankho ankakonzeratu.

"Aliyense alandira njere ya chimanga ndi nyemba," anafotokoza Bennet. "Chimanga ndiye kuti akhale yekha. Nyemba ndiye chokolo. Dzanja lilowa pansi pa nsalu n'kuponya imodzi mumphika, palibe woona."

"Ndi akazi omwe?" anafunsa a Malizani.

"Jonasi ankati ndi akazi omwe."

"Mbwenu n'chifukwa chake anafa wowonda," anatero Wilson. Anthu anaseka. "Alamu, musaope. Ine ndimadya."

Selina sanaseke.

"Sewerani," anatero a Malizani, akukhala pafupi ndi mphikawo. "Ine dzanja langa sililowa mumphika, sindine mkazi. Koma ana anga ndimawadziwa. Chimene chituluke, chomwecho."

Kuvomera msanga kumeneko n'kumene kunamuopsa Selina. Munthu amene sanagonjepo pa mlandu wa mbuzi angagonje lero pa mlandu wa munthu? Anayang'ana nsalu, naona kuti ndi yopyapyala. Anayang'ana mkuluyo, naona kuti wapendeketsa mutu, khutu lili kumphika. Kapena nyemba imalira mosiyana ndi chimanga ikagwa? Kapena Bennet yemweyo anadyetsedwa nyama dzulo? Akaponya chimanga, enawo n'kuponya nyemba, adzati wakana mudzi. Adzamuperekeza ku Euthini, ana n'kutsala.

Nthawi yake itakwana, anayenda chogwada, nalowetsa dzanja pansi pa nsalu. Anaponya nyemba.

Bennet anakhuthulira mphika m'lichero. Munali chimanga chokhachokha, choyera mbee, ndipo pakati pake panali nyemba imodzi yofiira.

Selina anaweramitsa mutu. Mudzi wonse unamumasula, amene anadzimanga anali iye yekha.

A Malizani anaiyang'ana nyembayo nthawi yaitali. Kenaka anamwetulira.

"Yewo, aphunzitsi, mwambo wanu ndi wabwino chomene. Tsopano tsegulani manja nonse. Amene watsala ndi chimanga ndiye mwini nyembayi. Ngati ndi mlendo wa nkhani, palibe kanthu. Koma ngati ndi wamasiye mwiniwake, wasankha yekha mwamuna. Ife ndife yani kuti timukanize?"

Selina anafumbata dzanja mpaka njere ya chimanga inamubaya.

"Ndi yanga, adada," anatero Wilson. "Mukufunanso chiyani? Anthu andikana pamaso panu, ndi mkazi wanga yemwe. Mukufuna andiseke kawiri?"

Ena anaseka ndithu. Selina anakweza maso. Wilson sankamuyang'ana, ankayang'ana ng'ombe m'khola. Ndiye kuti naye anaponya chimanga. Masiku onsewa ankachita nthabwala za chokolo chifukwa pamaso pa adada ake sakanatha kunena kuti mkazi wa mkulu wake sakumufuna.

"Tsegula tione," anatero a Malizani.

"Dzanja langa ndi langa."

"Ndati tsegula, iwe!"

Bennet anaimirira, nachotsa chipewa.

"Adada, ndapota, mwambowu sunathe. Ku Boma kunali kalaliki wina amene anzake anamugwira dzanja atatuluka mumsonkhano, n'kumutsegula zala. Kuyambira tsiku limenelo Jonasi sankalola munthu kuchoka ndi mbewu yotsala. Ankati mphika umasunga chinsinsi, koma dzanja ndi lofooka. Mwavomera chotuluka mumphika, vomerani ndi mathero ake."

Sanadikire yankho. Anayamba kuitana nkhuku, ndipo zinabwera zikuthamanga kuchokera kuseri kwa nkhokwe.

"Imirirani nonse pamodzi, mutembenuke. Tsinzinani. Ponyani kumbuyo."

Wilson ndiye anayamba kutembenuka. Amayi anatsatira, kenaka amuna, wina ndi wina mapewa akukhudzana. Selina anaima pakati pawo, natsinzina, naponya.

Atatsegula maso, nyemba zinali mbwee pafumbi, nkhuku zikuzidumpha osazifuna. A Malizani anali akadalimbana ndi ndodo kuti adzuke pamene thadzi lina lakuda linajompha njere yokhayo ya chimanga, n'kumeza.

Mkuluyo anakhalanso pansi. Bennet anapukuta mphika ndi nsalu ija, naupereka kwa Selina ndi manja awiri. Iye anaulandira, naitana ana ake, nalowa nawo m'nyumba.