Ng'oma ya Bambo Inazizidwa Kunja

Ndinalota ndili kunja, mu mzinda wa miyala yokhayokha, kumene dzuwa limawala koma osatentha. Ndinali nditavala chitenje changa cha nkhanga chija, chimene sindigulitsa ngakhale munthu atandinyengerera chotani, ndipo tikiti yobwerera kwathu ndinali nditaipinda n'kuisunga pachifuwa. Ine Nangozo, wogulitsa nsalu pa Dedza, amene ngakhale ku Mwanza sindinafikeko, ndinkayenda monyang'wa m'misewu ya eni ake.

Wotitsogolera anali mayi wamtali, wonyamula ambulera yofiira m'mwamba ngakhale kunalibe mvula. Ankalankhula Chichewa cha m'Baibulo lakale. Alendo tinalipo ambiri, a mitundu yosiyanasiyana, koma wodziwa ulemu ndinali ine ndekha. Tikafika pakhomo ndinkaima n'kunena kuti "Odi," chitseko n'kutseguka chokha. Anzanga aja ankangolowa pambuyo panga, osathokoza n'komwe.

Tinakwera basi yopanda denga. Tinaona chiboliboli cha mfumu ina ili pa hatchi. Pamene tinkadutsa, mfumuyo inatsika, inakamwetsa hatchi yake kumtsinje, n'kubwereranso pamalo pake. Tinaonanso nsanja ya wotchi yaikulu, imene inawerama n'kutifunsa nthawi. Onse anali kalikiliki kujambula, palibe anaiyankha. Ine ndinayang'ana dzuwa n'kuiuza kuti yangopitirira teni, ndipo wotchiyo inakonza mivi yake.

Masana tinalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Zipinda zinali zambiri, miyendo mpaka kuwawa. M'chipinda chomaliza munkadutsa mtsinje wa Linthipe, ndi miyala yake yochapira, koma anthu ankangouwoloka osauona. Kutsidya kwake kunali bokosi lagalasi, ndipo m'bokosimo munali ng'oma.

"Mwaswera bwanji, a Nangozo?" inatero ng'omayo.

"Ndaswera bwino, kaya inu?"

"Ine ndazizidwa. Zaka makumi anayi tsopano."

Ndinaizindikira ndisanayandikire. Kumunsi kwake kunali mizere itatu yonga phazi la nkhuku, chizindikiro chimene malemu bambo anga ankasema pa ng'oma zawo zonse. Pambali panali chipsera chakuda, ndipo chipseracho chinali changa. Ndili mtsikana, ntchito yanga pabwalo inali yowamba ng'oma: kuyatsa udzu n'kumaiyandikiza kumoto kuti chikopa chikungike. Tsiku lina ndinatengeka ndi ovina, ng'oma n'kupsa mbali imodzi. Bambo sanandikalipire. Patapita sabata anaipereka kwa mzungu wina wa njinga yamoto, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso mpaka iwo kumwalira.

Pagalasipo panamatidwa kapepala, ndipo ndinakawerenga. Panalembedwa kuti: Wosema sadziwika.

Mtima wanga unawira. Sadziwika kwa yani? Munthu amene ng'oma zake zinkamveka kuchokera ku Mayani mpaka ku Chimbiya?

Mayi wa ambulera anaima pambali panga. "Madzulo ano chinthuchi chidzaimbidwa m'holo yaikulu," anatero. "Chaka ndi chaka tichiyesa, koma sichilira. Lero chikapanda kulira, tidzalemba kuti si ng'oma, koma mtondo, ndipo chidzatsikira kunsi, kumene kugona zinthu zopanda eni."

"Mtondo," ndinatero. Sindinawonjezere mawu, chifukwa amene ndinali nawo sanali oyenera mlendo.

Tinalowa m'holo dzuwa likadali pamawindo. Anthu anakhala duu ngati pamaliro, osatsokomola ngakhale mmodzi. Kutsogolo kunali oimba makumimakumi, ena ndi azeze akuluakulu oimika pansi, ena ndi zitoliro ndi malipenga, ndipo bambo wina wa tsitsi loyera ankawalozera ndi kamtengo. Chilungamo chake, anthuwo ankaimba. Nyimbo yawo inatuluka ngati madzi, inatifika m'maondo, ndipo ana anavula nsapato. Nthungululu inandifika pakhosi, koma ndinaimeza.

Kenako amuna awiri ovala magolovesi oyera anabweretsa ng'oma ija, kapepala kaja atakamata pambali pake. Woimba wake anali mnyamata wadzitho, amene anati anaphunzira za ng'oma zaka zisanu ndi ziwiri m'mabuku. Anaimenya, ng'oma inangoti phu, ngati thumba la gaga. Anaimenyanso, inati phu. Mayi wa ambulera anatulutsa cholembera.

"Kwatsala kuyesa kamodzi kokha," anatero.

Apo m'pamene ndinaona kuti pampando woyandikana nane panali bambo anga. Anali mu jekete limene tinawaika nalo m'manda, tizipalapala ta mtengo tili m'ndevu. Sanandiyang'ane.

"Ng'oma siimbidwa yozizira," anatero. "Ntchito ija unaisiyira panjira, mwanawe. Pita ukaimalize."

Anapisa dzanja m'thumba la jekete, anatulutsa khala lamoto, n'kundipatsa. Ndinalilandira ndi manja awiri, ndipo silinanditenthe.

Ndinatsika pakati pa mipando, anthu onse maso ali pa ine. Nditafika kutsogolo ndinati "Odi," ndipo masitepe anadzipinda kuti ndikwere bwino. Ndinapempha udzu. Bambo wa kamtengo anandiyankha mwaulemu kuti mu mzinda wawo udzu sumera, ndiponso moto suloledwa m'holo.

"Uloledwa kwa mwini chinthu yekha," anawonjezera, "koma nkhuni abwere nazo."

Ndinamatula kapepala kaja ka Wosema sadziwika, ndinakaika pakhala, kanayaka. Ndinakondwa kukaona kakupsa, koma moto wake unali wochepa. Ndinagogoda chikopa ndi chala, chinali chikadali lende. Ndiye ndinapisa dzanja pachifuwa n'kutulutsa tikiti.

"Mukatentha imeneyo, simudzabwerera kwanu," anatero mayi wa ambulera.

Ndinachita mantha, sindinama. Ndinaganiza za mwana wanga Ndaziona, ndi za shopu yanga. Koma ndinayang'ananso cholembera chija chili m'manja mwake, chokonzeka kulemba kuti bambo anga ankasema mitondo yosasinja. Tikiti ndinaiika pamoto.

Inayaka ngati mtolo wonse wa udzu wa tsekera, mpaka fungo lake. Ndinagwada, ndinapendeketsa ng'oma, ndinayamba kuitembenuza pang'onopang'ono, chikhatho chikusisita chikopa. Ndinkagogoda n'kumvetsera, kutembenuza, kugogodanso. Kumbuyo kwanga ndinamva kuti atsikana a kwathu ayamba kuvina, anzanga akale omwe aja, akundiitana ndi dzina. Ulendo uno sindinacheuke. Mawu a ng'oma anayamba kukwera, kuchoka pa phu, kufika pa du, mpaka anati ngwee.

"Zikomo," inatero ng'omayo. "Ndafundidwa."

Ndinaipereka kwa mnyamata wa mabuku uja. "Imbani msanga, achimwene, isanazizire."

Anaimenya, ndipo inalira. Mipando inathawira kumakoma yokha n'kusiya bwalo pakati. Azeze ndi malipenga anailondola pambuyo ngati ana. Mfumu ya pa hatchi ija inalowa, inamangirira hatchi pakhomo, n'kuyamba kuponda. Wotchi inasuzumira pawindo. Anthu aja okhala ngati pamaliro anadzuka, ndipo ngakhale ankavina mosemphana ndi ng'oma, ndinawakhululukira. Nthungululu ija ndinaimasula yonse. Sindinanyadepo chotere chibadwire.

Nyimbo itatha, mayi wa ambulera anabwera ndi kapepala katsopano, koyera.

"Wosema ndani?"

"Ndi bambo anga."

"Dzina lawo."

Kwathu mwana satchula dzina la bambo ake. Zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndi moyo, dzinalo silinadutsepo pakamwa panga. Ndinkangoti bambo, kenako malemu bambo. Moto uja unayamba kuzilala. Ndinadziwa kuti ukazima, kapepalako kadzilemba kokha mawu akale aja.

Ndinayang'ana kwa bambo. Anali ataimirira, chipewa chili m'manja.

"Ulemu wako ndinaulandira kalekale," anatero. "Tsopano ndikufuna dzina langa. Tchula."

Ndinakoka mpweya. "Pitilosi Gwirize," ndinatero. Linatuluka lonong'ona, ndiye ndinalibwereza mofuula, kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Pitilosi Gwirize, wa ku Mayani."

Wina anandigwedeza phewa. Ndinali m'shopu, masana dzuwa likuswa mtengo, mutu uli pa mulu wa zitenje. Ndaziona, mayi wa ana atatu tsopano, anali atandiweramira.

"Amayi, mukufuula mpaka kumsewu," anatero. "Pitilosi Gwirize ameneyo ndiye ndaninso? Ndi kasitomala?"

Bambo anga anamwalira iye asanabadwe, ndipo ine chikhalire ndinkangomuuza kuti agogo ako aamuna. Manyazi anandigwira, koma m'manja mwanga munali mukadali motentha.

Ndinatenga choko chodindira nsalu n'kumupatsa.

"Khala pansi," ndinatero. "Lemba."