Mizere ya Pamsana pa Wartini

Wartini anayamba kupumira panjira popita kuchitsime cha kuseri kwa nyumba yake, kamtunda koti mwana wokwawa amakamaliza osalira. Anali mayi wa ana awiri, wolemba maluwa pansalu ndi phula lotentha, m'mudzi wina kumwera kwa mzinda wa Yogyakarta. Kuchipatala anali atamuuza kale vuto lake. Mitsempha ya m'mapapo mwake inali itathina, ndiye mbali yakumanja ya mtima inkakankha magazi movutikira, ngati munthu wokankha njinga ya katundu pachitunda.

Namwino wake, mayi Retno, anamufotokozera kuti mtima ukamalemedwa umataya chinthu china m'magazi, chimene madokotala amachitcha NT-proBNP. Nthawi zambiri chimakwera miyendo isanatupe, mwiniwake akudziona ngati ali bwino. Pa ulendo womaliza chinapezeka chitakwera.

"Mubwerenso mwezi wamawa tidzayezenso, achemwali," anatero mayi Retno. "Chikapitirira kukwera, adokotala adzasintha mankhwala. Musadikire kuti thupi likuuzeni, limachedwa kulankhula."

Koma mwezi wamawawo unali wa ukwati wa mlamu wake, ndipo kwathu kuno mkazi wosaoneka pophikira ukwati amanenedwa mpaka adzukulu ake. Wartini anaswera pautsi ndi amayi anzake, kupala kokonati ndi kukulunga mpunga m'masamba a nthochi. Atayamba kubanika, apongozi ake, mayi Ngatinem, anati si kanthu, ndi mphepo yalowa m'thupi.

Tisawanamizire mayiwa. Ankamukonda Wartini ngati wobereka okha, ndipo mudzi wonse unkalidziwa dzanja lawo. Tonsefe tinagonapo chafufumimba pamkeka pawo, iwo n'kumatikanda msana ndi kandalama kachitsulo kakalekale koviika m'mafuta, mpaka mizere yofiira itatuluka. Timati mizere ikada kwambiri ndiye kuti mphepo yatuluka yambiri. Ukatopa kapena ukagwidwa chimfine, kunena zoona, umadzukapo utapepukidwa.

Atamukanda Wartini, mizere yake inatuluka yakuda bii.

"Taona wekha, mwana wanga," anatero apongoziwo atamugwirira galasi. "Magazi oipa onse ndi awa. Achipatalawo akungokukama m'timabotolo ngati ng'ombe ya mkaka. Kuonda uli nakoku, udzatsala mafupa okhaokha iwe."

Wartini anaseka, ndipo anamvadi kupepuka. Mayi Retno ataimba foni kumukumbutsa, iye anayankha kuti akupezako bwino, abwera ukwati ukatha. Mwamuna wake, Giyanto, anaona kuti mapazi a mkazi wake sakulowanso m'nsapato, koma anachita manyazi kutsutsa mayi ake pakati pa chikondwerero. Aliyense ankati ukwati uyambe wadutsa. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsiku la ukwati, Wartini akuperekera tiyi kwa alendo, anangotula thireyi pansi n'kukhala padothi, milomo itada. Anathamangira naye kuchipatala cha m'tauni. Atamuyeza magazi, chinthu chija chinali chitakwera kutalitali kuposa poyamba. Madokotala anayesetsa, koma mbali yakumanja ya mtima inali itatheratu mphamvu, ndipo mankhwala amene akanathandiza akanabwera msanga anafika mochedwa.

Mayi Ngatinem anamupeza namwino uja pakhonde n'kumugwira mkono. "Koma magaziwo anatuluka, mayi namwino. Ndinawaona ndi maso angawa."

Mayi Retno sanawakalipire. Anakhala nawo pabenchi. "Amene munawaonawo ndi a pakhungu, amayi. Amafiira pa wina aliyense, wodwala ndi wosadwala yemwe. Amene amanena za mtima ndi aja timatenga pamkono, ongokwana m'kasupuni. Akanabwera, magaziwo akanatiuza nthawi ikadalipo."

Wartini anamwalira m'mawa mwake, mahema a ukwati asanazulidwe. Alendo omwe aja ndi amene anabwerera kudzakhala pamaliro.

Mwambo wathu ndi woti mkazi akamwalira amasambitsidwa ndi akazi a pabanja, atamugoneka pamiyendo pawo, n'kuikidwa tsiku lomwelo. Mayi Ngatinem anakana kuti wina awalowere m'malo. Atamutembenuza kuti amusambitse kumsana, mizere ija inali ikadalipo, yoyalana bwino mbali zonse ziwiri, ntchito ya dzanja lawo. Anathira madzi, napaka sopo, nathiranso madzi. Anapakanso sopo. Amayi enawo anachita kuwagwira dzanja kuti asiye.

Phunziro: Kupepukidwa m'thupi si kuchira kwa mtima. Amene ali ndi matenda a mitsempha ya m'mapapo asaphonye tsiku loyezetsa magazi, kaya pakhomo pali ukwati kaya akudzimva bwino. Ndipo inu omukonda, kumukanda msana musakutenge ngati mankhwala a mtima, muperekezeni kuchipatala.