Mtsuko wa Kuchipinda

Memory, mlangizi wa zaumoyo, asanayedzamitse n'komwe njinga pamtengo wa mango, Josephine anali atatulutsa kale ndowa yovindikira. Sabata imeneyo kolera inali itatenga anthu awiri ku Mtakataka, ndipo alangizi ankayenda khomo ndi khomo kuyeza madzi akumwa.

Memory anatunga madzi m'kabotolo n'kuponyamo kapiritsi. Madziwo anafiirira.

"Klorini alimo, mwachita bwino," anatero, koma maso sanawachotse pandowapo. "Komatu dzuwa lonseli ndowa ikadali yodzaza? Pakhomo pano simumva ludzu, mayi?"

Josephine anaseka. Ndowayo inali yoonetsa aboma basi. Madzi amene ankamwa anali mumtsuko kuchipinda, otunga pachitsime cha kudambo. Amuna ake, a Maliko, anali atalumbira kuti klorini amapha mphamvu za abambo, ndiye pakhomo pawo sadzamwedwa.

A Malikowo anatulukira kuseri kwa nyumba akumanga lamba, maso atalowa m'kati.

"Achemwali, ife takula ndi madzi a kudambo," anauza Memory. "Kodi tinafa?"

"Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, bambo," anayankha Memory.

A Maliko anafuna kubweza mawu, koma anangogwira pamimba n'kubwerera kuchimbudzi. Kameneka kanali kachisanu chiyambire m'mawa. Josephine anayang'ana Pempho, mwana wawo wa zaka zitatu, ali gone pamphasa, nthawi imene masiku onse amakhala akuthamangitsa nkhuku. Mantha anamugwira. Kunama kwake kunamunyansa.

Analowa kuchipinda, natuluka atanyamula mtsuko, n'kuuika pamapazi a Memory.

"Yezani awa."

Kapiritsi kanasungunuka. Anadikira. Madzi anangokhala mbee.

"Mulibe mankhwala ngakhale dontho," anatero Memory motsitsa mawu. "Wamwa ndani?"

"Tonse. Pempho ndamumwetsa ndekha."

Memory sanamukalipire. Anatulutsa foni n'kuitana anjinga zamoto awiri kuti atengere banjalo kuchipatala ku Mua. Kenako anapita kukagogoda pachitseko cha chimbudzi, koma a Maliko anangobuula.

Josephine anakankha mtsuko ndi phazi, madzi n'kutayikira mumchenga. Anadzutsa Pempho n'kumubereka. Asanamalize kumanga mfundo ya chitenje, anamva kumsana kwake kukunyowa. Pempho anali atayamba kutsegula m'mimba.