Njovu Yokana Nzimbe

Njovu ya pakachisi wina mumzinda wa Kumbakonam inasiya kudya chimwalirireni woisamalira. Nzimbe inkangozinunkhiza, mpunga osaucheukira n'komwe. Nthiti zinayamba kuonekera.

Amene anautsa mapiri pachigwa ndi a Seshadri, mphunzitsi wa chinenero chamakedzana cha Chisansikiriti. Anauza ansembe kuti ndakatulo zamakedzana zimanena mosapsatira: viina ikalira, njovu yolusa imagwada, mbawala zimaiwala msipu. Choncho mankhwala ndi mkazi wawo Alamelu, katswiri wa viina, chipangizo choimbira cha nsambo. Mwiniwakeyo sanamufunse.

"Inu bambo, ine ndimaimbira anthu pamaukwati," anatero Alamelu. "Njovu ndiyamba nayo pati?"

"Zinalembedwa, Alamelu."

"Analembawo anayeserapo?"

A Seshadri anangotsokomola.

Alamelu anapita ndithu, mutu utaima, chifukwa njovuyo ankaikonda ndipo sankafuna kuti ife. Viina ndi thupi la mulungu wamkazi Saraswati, siituluka m'nyumba yosavala. Anaiveka nkhata ya maluwa oyera pakhosi, nakhala pansi m'khola, chipanda chaching'ono cha viinayo chili pabondo.

Nanga nyimbo yake iti? Yam'mawa? Yachisoni? Ndakatulo zija sizinatchule. Anangoyamba, zala zikukoka nsambo mwamantha. Njovu inaima duu, makutu osakupiza. Kenaka chitamba chinatsika pang'onopang'ono, mpweya wotentha ukumuwomba m'zala. Chinazula nkhata ija n'kuiponya m'kamwa. Njovu inayamba kutafuna.

"Yadya za mulungu, ili ndi tsoka," anatero wansembe wamkulu.

"Koma yadya, akulu," anayankha mnzake. "Si zomwe timafunazo?"

A Seshadri misozi inali mbwembwembwe. "Monga momwe zinalembedwera."

"Kudya maluwa kunalembedwanso?" anafunsa wamkulu uja.

Alamelu anasiya kuimba kuti amve ngati walakwa kapena wachita bwino. Njovu nayo inasiya kutafuna, ulusi wa nkhata uli lende pamlomo. Maso a onse anali pa Alamelu. Kaya inali nyimbo, kaya maluwa, kaya njovuyo inangomeza, iye sanadziwe, ndipo anaopa kuyesa mwina.

Munthu wina anakankhira nzimbe pafupi ndi phazi la njovu. Alamelu anayambiranso, zala zikuwawa kale. Nzimbe inamveka kuphwanyika m'kamwa, ina n'kutsatira. Alamelu anayang'ana mwamuna wake kuti amuuze posiyira, koma a Seshadri nawo ankayang'ana iye.