Madzi Osafunditsa

Amake Mapasa anaima pakhomo pa bafa, ndowa ya madzi ofunda ikufuka nthunzi pamapazi pawo. Linali tsiku lachisanu ndi chinayi amuna awo akukana madziwo.

Zaka makumi awiri ali pabanja, sikunachepo osawafunditsira madzi, ngakhale tsiku limene anakangana za mbuzi mpaka kugona mofulatirana. Koma tsopano bambowo, dalaivala wa lole yonyamula matabwa, ankadzuka okha, kutunga madzi mumgolo wogonera panja, n'kukadzitsekera m'bafa.

Dzulo lake mlamu wawo, mlongo wa bambowo, anali atasonkhezera moto. "Mlamu, mwamuna akayamba kukana madzi ako, dziwa kuti kwina aliko akumufunditsira," anatero uku akuseka. Amake Mapasa anasekako, koma mawuwo anawakhala pammero ngati munga wa nsomba. Utsi sufuka popanda moto. Kapena banja lawo linali chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere?

M'bafamo munamveka khwavaa! Kenako amuna awo anabefuka ngati munthu wamenyedwa pamimba. Kenako zii.

Mayiwo anadikira. Tambala analira kuseri kwa nyumba. M'katimo munalibe ngakhale kutsokomola.

Anakankha chitseko. Amuna awo anali atagwada, thaulo m'chiuno, nkhope yonse ili m'beseni. Mayiwo anawagwira mapewa n'kuwakoka mwamphamvu mpaka onse anakhala pansi pasimenti yonyowa.

"Mukufuna kundisiyira umasiye inu?"

"Aa, amake ana, bwanji kodi? Ndinali nditangofika pa khumi ndi zisanu."

"Khumi ndi zisanu za chiyani? Ndiuzeni lero. Ngati madzi anga akukuyabwani, nenani. Ndani amene akukufunditsirani?"

Bambowo anawayang'ana, madzi akudontha kundevu. Anafuna kuseka, koma ataona maso a akazi awo kusekako kunathawa.

"Mwezi watha," anayamba motsitsa mawu, "kamtsikana kanadumphira mumsewu kuthamangira chipewa chouluzika ndi mphepo. Ndinaponda mabuleki. Lole inaima, mpata wake chikhatho ichi. Mwanayo sanakhudzike, anatola chipewa chake n'kumapita. Koma ine chiyambire tsikulo, ndikangogwira chiwongolero mtima umagunda ngati ufuna kutuluka, manja thukuta lokhalokha."

"Ndiye?"

"Ndinapita kuchipatala mobisa. Anandipima mtima, anandipima kuthamanga kwa magazi, zonse zili bwinobwino. Anamwino anati thupi langa likadali pamsewu uja, silinamve kuti ngozi inapita. Akuti pali mtsempha wochokera kuubongo kutsikira kumtima, umene uli ngati mabuleki. Madzi ozizira akakhudza nkhope, mtsemphawo umaponda, mtima n'kutsika liwiro. Odzithira thupi lonse aja ndinangoonjezera ndekha, amandichotsa tulo. Koma anamwinowo anandichenjeza kuti wodwala mtima asamayese dala."

Amake Mapasa anapuma mpweya wautali, umene unakhala ngati anausunga masiku onsewo.

"Ndiye kulibe munthu?"

"Munthu uti? Ine ndevu zaimvizi? Amene ndikupikisana naye ndi beseni."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Dalaivala wa zaka zonsezi kuopa chiwongolero? Mukanandiseka."

"Kuseka ndikanakusekani ndithu," anatero mayiwo akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Koma tulo ndikanagona."

Bambowo anakankhira beseni kwa iwo. "Tayesani. Mtima wanuwo ukumveka mpaka kuno."

"Ine? Madzi a m'mawa ano?"

"Kokani mpweya, muwerenge mpaka khumi."

Mayiwo anazengereza, kenako anaviika nkhope. Kuzizira kunawaluma m'masaya ndi pamphumi ngati singano zambirimbiri. Anafuna kudzuka, koma dzanja la amuna awo linali pamsana pawo, lofunda, losakakamiza. Pofika pa zisanu ndi chimodzi anamva kugunda kwa pachifuwa kukutalikirana, ngati osinja awiri amene ayamba kutopa pamtondo.

Anadzuka akumina madzi m'mphuno.

"Mayo! Ndiye mwakhala mukudzizunza chonchi nokhanokha?"

"Koma zathandiza?"

 Mayiwo anangotambasula dzanja lawo lonyowa n'kuliika pachifuwa pa amuna awo. Pansi pa chikhathocho mtima unkayenda pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yomasulidwa goli ikubwerera kukhola.